Anagula mafuta a mayi wamasiye uja ndani?

 Lero nditalikitsa kuposa masiku onse, choncho amene bandulo yawo yatsala pang'ono andikhululukire. Nkhani imene ndabwera nayo yandisowetsa tulo kwa masabata atatu, ndipo munthu woyamba amene ikumutsutsa ndine ndemwe.

Mwezi wathawu tinaperekeza kumanda mbale wathu wina, bambo ofatsa amene kwa zaka zambiri anali ndi kagolosale m'mphepete mwa msewu. Dzina lawo ndilisunga. Mwambo wonse utatha, akubanja anandiitana ngati mkulu wa mpingo kuti ndikakhale mboni pamene ankaona zimene malemuwo anasiya. Titatsekula golosaleyo tinapeza mashelefu ali pululu. Munali sopo wowerengeka, machesi, timapaketi ta mchere ndi mabotolo opanda kanthu. Abale ena a malemu anayamba kung'ung'udza kuti mwina katundu wabisidwa. Apo ndi pamene mayi a m'nyumbamo analowa kuchipinda, natulutsa kope la ana a sukulu lachikuto chothimbirira, nandipatsa kuti ndiwerenge.

Linali buku la ngongole. Tsamba ndi tsamba panali dzina, tsiku ndi katundu amene munthu anatenga. Ambiri mwa mayinawo ndinawadziwa, pakuti ndi anthu amene timakhala nawo pa gome la Mgonero: akulu a mpingo, madikoni, amayi a Mvano, oimba kwaya, aphunzitsi. Titawonkhetsa, ndalama za m'kopemo zinaposa kutali katundu yense amene anatsala m'mashelefu. Katundu sanabisidwe ayi, tinadya ndife. Ndipo pa tsamba lina, cha m'munsi, ndinapeza dzina langa: shuga mapaketi awiri ndi botolo la mafuta ophikira. Tsikulo ndinalikumbukira. Kunyumba kunafika alendo mwadzidzidzi, ndipo ndinatuma mdzukulu kuti akatenge zinthuzo ndi uthenga woti ndidzadutsa mawa. Mawa limenelo linatha zaka ziwiri. Lamulungu lililonse bambowo ankandipatsa chanza pakhomo pa tchalitchi, nanditchula kuti akulu athu, osandikumbutsa ngakhale kamodzi. Mu ulemu wawowo ndi mmene ine ndinabisala.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikubwerera ku 2 Mafumu 4:1-7, nkhani imene tonse tinaiphunzira ku Sande Sukulu. Mwamuna woopa Mulungu, mmodzi wa gulu la aneneri, anamwalira nasiya ngongole, ndipo mwini ngongoleyo anali m'njira kudzatenga ana awiri aamuna kuti akakhale akapolo ake. Mayi wamasiyeyo anathamangira kwa Elisa. Mneneriyo sanatulutse ndalama m'thumba, ndipo sanamutumize kwa mfumu kukapempha thandizo. Anamufunsa chimene chinatsala m'nyumba mwake, ndipo chinali kansupa ka mafuta basi. Anamuuza kuti akabwereke mbiya zopanda kanthu kwa anansi ake, zambiri ndithu, adzitsekere m'nyumba ndi ana ake, ayambe kutsanulira. Mafutawo anatuluka kufikira mbiya yomaliza itadzaza, kenako analeka. Pomaliza Elisa anamulangiza kuti akagulitse mafutawo, abweze ngongole, ndipo zotsalazo zikhale zodyera iye ndi ana ake.

Ife alaliki timakonda kuimira pa kutsanulira kuja, chifukwa ndi pamene mpingo umayankha kuti ameni. Koma taganizani bwino. Mafuta ali m'mbiya sabweza ngongole. Mwini ngongole sanabwere kudzaona chozizwa, anabwera kudzatenga ndalama kapena ana. Kuti anyamata aja agone kwawo usiku umenewo, panafunika anthu ena amene Baibulo silinawatchule mayina, anthu amene anabwera ndi ndalama zawo, nagula mafutawo, nalipira pomwepo. Chozizwa cha Mulungu chinathera pa msika, m'manja mwa ogula.

Tsono tiyerekeze kuti mayi uja ankakhala m'mlaga mwathu muno. Woyamba akanabwera ndi botolo lake nati, "Mayi, ndithirireni kaye, ndidzakuonani pakutha pa mwezi." Wachiwiri akanati, "Mafutawa si mwawapeza ulere kwa Mulungu? Nanga mukugulitsanso bwanji kwa Akhristu anzanu?" Wachitatu akananunkhiza pang'ono, nati mafuta a kuno sakoma, iye amagula a m'tauni. Ndipo wachinayi sakanagula n'komwe, koma akanayenda m'mudzi monse kunong'oneza kuti mayi amene dzulo analibe kanthu sangadzaze mbiya zonsezi popanda kukhwima. Dzuwa likanalowa mbiya zitatha, ndalama palibe, ana atatengedwa.

Funso la Elisa lija tilibweretse kwathu kuno. M'nyumba mwathu muli chiyani? Mvula imene maboma ena amaisala kudya poipempherera, kuno imagwa yokha. Tiyi walimidwa m'boma lino kuyambira m'ma 1890, pamene Henry Brown anamudzala ku Thornwood. Tili ndi nanazi, mapeyala, nandolo, chinangwa ndi mbatata. Tili ndi phiri limene nsonga yake, Sapitwa, imafika mamita 3,002, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a cholowa cha dziko lonse lapansi. Tili ndi chipata cha Muloza ndi msika wa Limbuli. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje muli anthu oposa 680,000, ndipo aliyense wa iwo amadya, amavala, amasamba, amadwala, amakwatira, ndipo tsiku lina adzafuna bokosi. Umenewo ndi msika, abale anga, ndipo si waung'ono.

Ndalamanso sizisowa kulowa. Mwezi uliwonse malipiro amafika kwa ogwira ntchito pa chipatala cha mishoni, pa koleji ya anamwino, m'masukulu ndi m'maesiteti. Ife opuma timalandira kapenshoni kathu. Ana athu a ku Joni amatumiza pa foni. Vuto ndi lakuti ndalamayo sigona kuno. Imafika Lachisanu, Loweruka m'mawa yakwera kale minibasi ya ku Limbe. Imandikumbutsa mitsinje yathu, Likhubula, Lichenya ndi Ruo, imene imabadwira pa phiri lathu koma imathamanga kupita ku Shire osatembenuka. Ku Bondo anthu anachita chanzeru. Anapatutsa madzi a Lichenya kuti ayambe azunguza makina opanga magetsi asanapitirire ulendo wawo. Madziwo amapitabe kunyanja monga kale, koma amachoka atagwira ntchito. Ndalama ikhozanso kutero. K20,000 imene mwalipira kalipentala wa pa mudzi panu, mawa ili kwa mayi wogulitsa tomato, mkuja ili kuchigayo, kenako kwa mnyamata wa kabaza, kenako yalipira fizi, ndipo kachigawo kake kabwerera m'mbale ya chopereka. Idzapita ku Limbe ndithu, pakuti misomali ndi guluu sitipanga kuno, koma idzapita itadyetsa mabanja asanu. Ndalama yomweyo mukagulira mipando ya pulasitiki yochokera kunja kwa dziko, yadyetsa banja limodzi, ndipo si la kuno.

Ena adzati, nanga mkulu wa mpingo akulowereranji za malonda? Ndiwayankhe ndi mbiri ya mpingo wathu womwewu. Amishoni a Church of Scotland amene anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876 sanabwere ndi katekisimu yekha. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene mpaka lero alendo amachijambula, chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndipo oumba njerwa ndi omanga anali makolo athu amene anaphunzira ntchitoyo pomwepo. Sukulu ya Henry Henderson Institute, imene inatsekulidwa mu 1909, inkaphunzitsa ukalipentala ndi kusindikiza mabuku pambali pa uphunzitsi. Mwa ana a mishoni imeneyo munatuluka anthu ngati Joseph Bismarck ndi John Gray Kufa, amene anakhala ndi minda yawoyawo yaikulu m'nthawi imene munthu wakuda ankayembekezeka kungogwira thangata m'munda mwa mzungu. M'chaka chomwecho cha 1909, alimi ndi amalonda achikuda anayambitsa bungwe la Natives' Industrial Union kuti azithandizana, ndipo John Chilembwe anali nawo m'maganizo amenewo. Choncho kuimika Mkhristu pa miyendo yake si nkhani yachilendo mu CCAP. Ndi ife a lero amene tafupikitsa uthengawo, tasiyamo zopereka zokha.

Pali phunziro lina limene a msinkhu wanga tinaliona ndi maso. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda linalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera a kumudzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga chinali chakuti masitolo a m'matauni aang'ono akhale m'manja mwa Amalawi, ndipo kunabwera Chipiku kuti aziodako katundu. Ine ndinali mnyamata, ndipo ndikukumbukira chimwemwe cha anthu poona mwana wa m'mudzi ataima kuseri kwa kauntala. Ndikukumbukiranso kuti pasanathe zaka zambiri, ochuluka mwa masitolo aja anali otseka, mileme ikugona m'denga. Zifukwa zinalipo zingapo: mpamba wochepa, kusazolowera kuoda ndi kusunga mabuku, mayendedwe ovuta. Koma chifukwa chimodzi sitikonda kuchitchula. Kwa Mmwenye tinkadziwa kuti ngongole ndi ngongole. Sitolo itakhala ya mwana wa achemwali, inasanduka nkhokwe ya banja lonse. Pa maliro tinkatenga nsalu, pa ukwati shuga, pa chinamwali sopo, ndipo mwini sitolo akafunsa ndalama ankamva kuti chuma chamuiwalitsa abale.

Kuyambira nthawi imeneyo, boma lililonse layesa kuthira mafuta m'mbiya za amalonda aang'ono. Kunali DEMATT mu 1979, SEDOM mu 1982, One Village One Product mu 2003, MARDEF mu 2005, ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, ndipo mu 2020 kunabwera NEEF. Pa zaka zanga m'boma ndinaona mayina akusintha, zikwangwani zikupakidwa penti watsopano, koma madandaulo ali omwewo: ngongole sizibwezedwa. Ena ankatenga ndalamazo ngati kuthokoza kwa andale. Koma ndinakumananso ndi ena oona mtima amene analephera kubweza chifukwa nawonso sanalipidwe. Boma linkathira pamwamba, ife tikuboola pansi.

Pano ndiulule tchimo lina. Mu ofesi ina ya boma mmene ndinagwira ntchito, mapepala olipitsa a makampani aakulu sankagona pa tebulo, chifukwa eni ake anali ndi maloya ndi manambala a foni a mabwana. Mapepala a munthu wamba amene anakonza madesiki kapena kubweretsa nkhuni ankatsikira pansi pa mulu. Ndikukumbukira bambo wina wa njinga yakapalasa amene anabwera miyezi isanu ndi umodzi, chipewa m'manja, ndipo yankho lathu linali limodzi: ndalama sizinabwere, mudzayesenso sabata yamawa. Sindinabe tambala yake ngakhale imodzi. Koma sindinadzukenso pa mpando kukamumenyera nkhondo, ndipo atasiya kubwera ndinapuma ngati kuti vuto latha.

Mwina wina akuti, shuga mapaketi awiri angagwetse bizinesi? Tiyeni tiwerenge limodzi, mongoyerekeza. Wagolosale waoda paketi pa K2,700 ndipo akugulitsa K3,000. Phindu lake ndi K300. Inu mukatenga paketi imodzi osalipira, ayenera kugulitsa mapaketi ena 9 kuti angobweza mpamba wa paketi yanu ija, asanawerengere thiransipoti, lendi ndi chiphaso cha khonsolo. Anthu khumi akachita ngati inu m'mwezi umodzi, wagwira ganyu yaulere mwezi wonse. Ndipo mpamba wa bizinesi yaing'ono umakhala ndi moyo pozungulira: kugulitsa, kukaoda, kugulitsanso. Ukatsekeredwa m'kope, mashelefu amayamba kuchepa, ogula ndi ndalama amapeza chimene akufuna palibe, napita kwina. Pofuna kudzaza mashelefuwo, mwini wake amakatenga ngongole ku banki mkhonde kapena kwa akatapila, ya chiwongola dzanja cha mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti ngongole yanga ija, imene ine ndinaiwala, inali kubereka chiwongola dzanja m'dzina la munthu wina.

Onjezani apo kugwa kwa ndalama. Mu Meyi 2022 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Munthu amene anatenga katundu mitengo isanakwere, nabwera patapita zaka ziwiri ndi ndalama ya mtengo wakale, akhoza kutuluka m'golosale ali wonyada kuti wabweza. Koma ndalama imene wasiyayo singagulenso katundu amene anatenga. Wabweza nambala, katundu sanabweze.

Malemba sanasiye nkhaniyi ku chikumbumtima cha munthu aliyense payekha. Levitiko 19:13 ndi Deuteronomo 24:14-15 amalamula kuti waganyu alandire zake tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndipo chifukwa chake chaperekedwa: ndi wosauka, mtima wake uli pa ndalamayo. Miyambo 3:27-28 amaletsa kubweza mnzako ndi lonjezo la mawa pamene chinthucho uli nacho m'manja. Salimo 37:21 limaika wokongola wosabweza m'gulu la oipa, osati la oiwala. Yakobo 5:4 amanena kuti malipiro obisidwa ali ndi pakamwa, ndipo kulira kwake kumafika kwa Ambuye. Ndaona anthu akuimikidwa pa bwalo la seshoni chifukwa cha mowa, chifukwa cha mimba, chifukwa cha mitala. Pa zaka zonse zimene ndakhala mkulu wa mpingo, sindinaonepo munthu akuitanidwa chifukwa chogwetsa golosale ya Mkhristu mnzake. Sindikunena kuti tiyambe kudula anthu. Ndikungofunsa kuti machimo tinawasankha bwanji, kuti amene ife akuluakulu timachita kawirikawiri akhale osawerengedwa.

Ndipo mpingo weniweniwo, monga wogula, suli woyera pa nkhaniyi. Pa mpingo wina kumene ndinkapemphera ndili pa ntchito, kwaya inasoketsa yunifolomu kwa mayi wina telala wa mu mpingo momwemo. Nsalu anagula yekha ndi ndalama yobwereka, poti anauzidwa kuti ndalama zibwera pa Pepa Sande. Kwaya inavala, inaimba, inajambulitsa ndi vidiyo. Ndalama za Pepa Sande zitabwera zinapita ku zokuzira mawu. Mayiyo atadandaula anakumbutsidwa kuti ndi ntchito ya Mulungu, ndipo chaka chisanathe anagulitsa makina ake osokera. Chodabwitsa ndi chakuti wogulitsa zokuzira mawu uja, amene sanali wa mpingo wathu, analipidwa zonse katunduyo asanatuluke m'sitolo. Mawu oti ntchito ya Mulungu timawasungira abale athu okha. Pamene Arauna anafuna kupereka ulere dwale lake ndi ng'ombe kuti Davide aperekerepo nsembe, mfumuyo inakana, niumirira kulipira mtengo wake, chifukwa sinafune kupereka kwa Yehova chinthu chimene sichinaitengere kanthu. Zili pa 2 Samueli 24:24. Mmisiri akafuna kupereka luso lake kwa Mulungu mwa kufuna kwake, imeneyo ndi nsembe yake, ndipo Ambuye ailandire. Koma komiti ikamukakamiza ndi manyazi, nsembeyo si ya komiti, ndipo Yeremiya 22:13 ali ndi tsoka loikidwiratu kwa womanga nyumba ndi thukuta la mnzake losalipidwa.

Za wonong'oneza uja ndinenepo pang'ono, chifukwa kuno tinaona kumene manong'onong'o amathera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka m'boma lathu lino, zinafalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu anaphedwa. Pakati pa okayikiridwa panali alendo, komanso anthu amene mlandu wawo unali kungochita bwino kuposa anzawo. Mnyamata wanzeru akaona zimenezi amaphunzira msanga. Akapeza kampamba amakatsekula shopu ku Limbe kapena ku Bangwe, kumene palibe amene adzafunse kuti chigayo chake chikuyendera chiyani. Kenako ife timadandaula kuti ana athu satukula kwawo.

Tsopano nditembenukire kwa inu amalonda ndi amisiri, kuti musayese kuti lero ndabwera kudzakuyeretsani. Amene amathawira ku Limbe nthawi zina ali ndi zifukwa zomveka. Kalipentala amene amakhoma chitseko ndi matabwa aawisi, chikauma n'kusiya mpata wolowa khoswe, asadabwe akaona kasitomala wapita kwina. Telala amene diresi la ukwati amalimaliza mkwatibwi ali kale pa khomo la tchalitchi, wadzichotsera yekha msika. Ogula nandolo amene sikelo yanu imadziwa kuchotsera mlimi, Miyambo 11:1 ikuti sikelo yotero imamunyansa Yehova, ngakhale mutapereka chakhumi cha phindulo. Ndipo matabwa a mkungudza odulidwa usiku m'phiri si malonda a kwathu oti tiwanyadire, ndi kuba kwa adzukulu athu, ndipo amene tinaona matope ndi miyala zikutsika m'mapiri pa namondwe Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa kawiri za phindu la mitengo. Lekanitsani thumba la bizinesi ndi thumba la ndiwo. Lembani zonse. Ndipo phunzirani kukana, ngakhale wopemphayo atavala jekete ya mkulu wa mpingo. Mbale wathu uja anali munthu wabwino, koma kufatsa kwake kunathandiza uchimo wathu.

Ndisamvekenso molakwa. Sindikuweruza mayi wosauka amene amagula kaunjika chifukwa ndi amene angakwanitse. Mawu anga akupita kwa ife a malipiro ndi penshoni, amene tili ndi mpata wosankha. Sindikulalikiranso chidani ndi anzathu a ku Mozambique. Chimanga chodutsa pa Muloza kuchokera ku Milange chatipulumutsa zaka zambiri za njala, ndipo ambiri a ife agogo athu anachokera komweko. Malonda ndi akunja ndi ofunika. Choopsa ndi kudalira wogula mmodzi wakutali pamene pakhomo palibe msika. Alimi a nandolo akukumbukira 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo wolowa m'dziko lawo, ndipo mtengo kuno unagwa mpaka matumba ankangofumbwa m'nyumba. Chigamulo chinapangidwa ku New Delhi, misozi inagwa ku Mulanje ndi ku Phalombe.

Nanga mbiya za anansi zija? M'nkhaniyi mafuta sanathe chifukwa mphamvu ya Mulungu inachepa. Analeka pamene mbiya zinatha. Kukula kwa dalitso la mayi uja kunayezedwa ndi kuolowa manja kwa anansi ake, ndipo iwo sanapereke ndalama, anangobwereketsa chinthu chimene chinali chopanda ntchito m'nyumba zawo. Ife tili nazo mbiya zotero. Pali makina osokera amene akhala pansi pa bedi chimwalirire agogo. Pali chipinda cha kutsogolo chotsekedwa, firiji yosungira madzi okha, munda wa kudimba wogonera. Ndipo ife opuma pa ntchito za boma tili ndi mbiya imene sitiiwerengera: timadziwa kulemba kalata, kudzaza fomu, kusunga mabuku a ndalama, ndi khomo loyenera kugogoda. Achikulire tikukumbukira fakitale ya ADMARC yoika zipatso m'zitini kuno ku Mulanje, imene inkagula nanazi kwa alimi. Lero m'nyengo yake nanazi amaunjikana m'mbali mwa msewu, ogulitsa akuthamangira galimoto iliyonse imene yachepetsa liwiro, ndipo otsala amaola. Pali amayi ndi achinyamata amene amadziwa kupanga jamu ndi juwisi, koma katundu wawo sangalowe m'sitolo yaikulu popanda chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo mapepala ake amawaopsa. Munthu amene anatha zaka makumi atatu akulemba mamemo angathe kukhala nawo pansi masana amodzi, nawathandiza kulembetsa kopaletivi. Alimi a tiyi aang'onoang'ono a Sukambizi anasonyeza kuti anthu a minda ing'onoing'ono akalankhula ndi mawu amodzi, ngakhale wogula wamkulu amakhala pansi kumvetsera. Ife m'malo mwake timakhala pa khonde ndi wailesi, kuwerengera zolakwa za boma.

Pa bwalo la seshoni likubwerali ndikapempha zinthu ziwiri, ndipo ndikuzinena pano kuti ndisadzabwerere m'mbuyo. Choyamba, kuti mpingo, Mvano, kwaya kapena gulu la achinyamata likafuna mabenchi, yunifolomu, chakudya cha msonkhano kapena njerwa, liyambe lafunsa mitengo kwa amisiri ndi amalonda a kuno, a mpingo wathu kapena ayi, ndipo likapita kutali pakhale chifukwa chonenedwa poyera. Chachiwiri, kuti pasakhale kuitanitsa katundu ndalama zake zisanapezeke, ndipo msungichuma aziwerenga pamaso pa mpingo ngongole zimene tili nazo kwa anthu, monga momwe amawerengera mapangano amene anthu sanakwaniritse kwa ife. Ndikudziwa kuti ena adzati ndakalamba ndipo ndayamba kuvuta. Ndavomera.

Mayi amasiye aja ali ndi ana awiri amene akanali pa sukulu. Wamkulu ali Fomu 3, ndipo ndamva kuti wayamba kufunsa anzake mtengo wa basi ya ku Joni, poti akuona kuti fizi ya teremu ikubwerayi palibe. Mwini ngongole wa masiku ano sabwera ndi chingwe. Lachiwiri lapitali ndinapita kunyumba kwawo ndi ndalama ya shuga ndi mafuta aja, pa mtengo wa lero, ndipo ndinapepesa pamaso pa anawo. Mayiwo anakhwatcha dzina langa ndi cholembera chofiira, osanena kanthu. Akuti akufuna kutsekulanso golosaleyo ngati angapeze kampamba, ndipo kampambako kali m'kope muja, m'matumba mwathu. Ena anandipempha kuti ndiwerenge mayinawo m'tchalitchi. Ndakana, ndipo sindiwatchula kwa munthu aliyense, ngakhale kwa abusa. Kopelo ndabweza kwa eni ake. Amapezeka pakhomo masana alionse akachoka kumunda, ndipo masamba amene sanakhwatchidwe ndi 14.